Sitima imene agogo anakwera popita ku Wankie, ndani angandithandize kuimanga pa thebulo?

Bambo a Chiko, Joni: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso kwa inu amene mumadziwa za tisitima ta pa thebulo. Ndikufuna kumanga sitima ya anthu ya Rhodesia Railways, ija inkachoka ku Bulawayo kudutsa Wankie mpaka Victoria Falls, chaka chake 1955. Agogo anga aamuna anagwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Wankie (Hwange ya lero, ku Zimbabwe) nthawi ya Chitaganya nde ndikufuna sitimayo ioneke mmene inalili ndithu. Malo ndili nawo mu galaja, khoma lalitali mamita 4, lalifupi mamita 2 ndi theka. Ndapeza timabogi ta kampani ya Hornby ndi njanji zake pa msika wa zakale kuno, motchipa. Kodi ndikangowapaka penti ya bulawuni ndi kirimu zikhala bwino?

Achimwene a ku Leeds: Zikomo bambo a Chiko, ntchito yabwino imeneyo. Penti mwalondola, mabogi a RR (Rhodesia Railways) analidi bulawuni mmunsi kirimu mmwamba. Koma a Hornby aja musavutike nawo. Choyamba ndi a sikelo ya OO, 1:76, ndiye kuti chenicheni chachepetsedwa ka 76, ndipo anatengera mabogi a ku Britain, denga lake, mazenera ake, zonse ndi za kuno. Chachiwiri tayang'anani kumapeto kwa bogi, muona zitsulo ziwiri zozungulira, mabafa, china kumanzere china kumanja. Sitima za kwathu kumwera kwa Africa zilibe zimenezo, zimalumikizana ndi chokolera chimodzi pakati basi. Munthu amene anakwerapo sitima ku Bulawayo kapena ku Limbe akangoona mabafawo adziwiratu kuti iyi si yathu, ngakhale penti itakhala yokongola bwanji. Chachitatu ndi geji, koma imeneyo ndi nkhani yaitali

Mnyamata wa ku Balaka: geji nde chani achimwene, ife tikungoyamba kumene

Achimwene a ku Leeds: Geji ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji. Ku Britain ndi mayiko ambiri a ku Ulaya ndi 1435 mm. Njanji ya pa Balaka panupo, ya ku Zambia, ya ku Zimbabwe, ya kwa bambo a Chiko ku Joni ko, zonse ndi 1067 mm, mafiti 3 ndi mainchesi 6. Tsono tinjanji timene timagulitsidwa kwambiri mmashopu ndi ta 16.5 mm, ndipo 16.5 kuchulukitsa ndi 87 imakupatsa 1435, kutanthauza kuti mu sikelo ya HO, ya 1:87, kanjanji kameneko kakuimira njanji ya ku Ulaya. Ya kwathu ukagawa 1067 ndi 87 umapeza 12.3 mm. Nde njira zilipo zingapo. Utha kugula njanji ya 12 mm imene amaitcha HOm, kampani ya Peco imapanga, ya Tillig nayonso, kusiyana kwake ndi 12.3 diso silingaone. Utha kukweza sikelo kufika 1:64 nkugwiritsa ntchito njanji wamba ya 16.5 ija, chifukwa 1067 kugawa ndi 64 ndi 16.7, anthu a ku New Zealand amachita choncho kwambiri popeza njanji yawo ndi geji yomweyi yathuyi. Kwa amene malo ndi ochepa pali 1:120 pa njanji ya sikelo ya N, ya 9 mm.

Malume a ku Benoni: Ine ndiyankhule mosabisa. Mu South Africa muno anthu ambiri amene ali ndi sitima za SAR (South African Railways) pa thebulo amayendetsa pa 16.5 mu HO ndipo tulo amagona. A kampani ya Lima anapanga ma injini ndi mabogi a kuno, ngakhale a Blue Train, onse pa 16.5, ndipo mpaka lero amapezeka kwa ogulitsa zakale. Bambo a Chiko mukapita ku 12 mm chilichonse mudzapanga nokha kapena kuitanitsa kunja ndi ndalama za eni, magudumu, mapointi (mopatukira njanji), zonse. Munthu woyamba kumene amafunika aone sitima ikuyenda msanga apo ayi mtima umagwa mphwayi, galaja nkusanduka mosungira makatoni. Mamilimita 4 a pakati pa 16.5 ndi 12.3 asakulepheretseni kuyamba.

Achimwene a ku Leeds: Malume ndikukumvani ndipo pa ndalama simukunama. Koma mamilimita 4 amenewo amaoneka. Kukongola kwa sitima za 1067 ndi kwakuti thupi ndi lalikulu koma lakhala pa njanji yopapatiza, bogi imatulukira mbali zonse, ukaiona ikubwera kutsogolo magudumu amakhala ngati abisala mkati. Ukaika pa 16.5 imatangadza miyendo, maonekedwe aja amatha. Kwa amene angofuna sitima yozungulira palibe vuto. Koma bambo a Chiko anena kuti akufuna ya 1955 mmene inalili.

Bambo a Chiko, Joni: Mabafa aja ndawaona, alipodi. Nde pakati pa 12 mm ndi 1:64 mungandilangize iti poona malo anga?

Mdzukulu wa njanji, Bulawayo: Moni akuluakulu, ine ndinabadwira kuno koma makolo ndi a ku Ntcheu, agogo ankagwira ntchito ku njanji konkuno. Musanasankhe sikelo yambani mwayeza sitima yanu. Injini ya njira imeneyo nthawi imeneyo ndi Garratt, 15th class, yopangidwa makamaka ndi kampani ya Beyer Peacock ku Manchester, zoyamba zinabwera mu 1940 ndipo pofika 1952 zinali 74 zonse pamodzi. Magudumu ake 4-6-4+4-6-4, ndiye kuti 28, boila ili pakati yolendewera, thanki ya madzi kutsogolo, malasha kumbuyo. Kutalika kwake pafupifupi mamita 28. Mu 1:87 ndi 32 cm, mu 1:64 ndi 44 cm. Bogi ya mamita ngati 20 mu 1:87 ndi 23 cm, mu 1:64 ndi 31 cm. Tsono injini ndi mabogi 8 mu HO mwadya kale mamita 2 ndi kanthu, mu 1:64 mwafika pafupifupi mamita 3, pa khoma la mamita 4 mutu ukhala ukulowa pa kona mchira usanachoke pa siteshoni. Ine ndingati HO pa 12 mm.

Malume a ku Benoni: Garratt poyambira? Eeh. Imeneyo ndi ma injini awiri mthupi limodzi, ma valve gear anayi. Ndi ntchito ya munthu amene manja anazolowera kale.

Mdzukulu wa njanji, Bulawayo: Zoona malume, nchifukwa chake ndikuti ayambe mabogi, injini ibwere pambuyo. Pakadali pano akoke ndi kainjini kalikonse ka 12 mm poyesera njanji. Akadzafika pa Garratt njira yapafupi ndi kupeza ma chassis awiri ofanana a magudumu 6 okoka, magudumu enieniwo anali mafiti 4 mainchesi 9 nde mu HO afune a 16.5 mm kapena 17, thupi nkusindikiza pa 3D printer ya resin kapena kudula pulasitiki. Ubwino wa Garratt ndi wakuti imapinda pawiri nde makona imakhota bwino kuposa mmene kutalika kwake kumaopsezera. Komabe musachepetse kona kupyola 60 cm, kuyeza kuchoka pakati pa bwalo kufika pa njanji, mabogi ataliatali pa kona yothina amaoneka ngati athyoka ndipo zokolera zimakokana mpaka bogi kuchoka pa njanji.

Ankolo a ku Limbe: Ana inu mwandisangalatsa. Ine ndinagwira ntchito ku njanji mpaka kupuma, maso anafooka nde zomanga tinthu tating'ono sindingathe koma ndikuuzeni ichi. Sitima ya anthu si mabogi ofanana ondondozana ayi. Bogi iliyonse inali ndi ntchito yake. Pamakhala ya katundu ndi makalata, ya gadi, ya fesiti kilasi, ya sekondi, yodyeramo, kenako ya thedi ndi ya folo. Mukamanga 8 onse ofanana, onse a fesiti, sitima imeneyo sinayendepo pa njanji iliyonse. Ndipo bambo a Chiko ndikufunseni, agogo anuwo popita ku mgodi anakhala mu bogi iti? Chifukwa ngati anali munthu wakuda wa ku Nyasaland wopita kukakumba malasha mu 1955, mu fesiti sanapondemo. Anakhala pa benchi ya thabwa mu folo kilasi, sutikesi yamalata pansi pa miyendo, bulangete pa phewa. Muyambe kumanga imeneyo.

Bambo a Chiko, Joni: Ankolo mwandigwira mtima. Zithunzi zambiri zimene ndasonkhanitsa pa intaneti ndi za injini, ndi za bogi yodyeramo muli nsalu zoyera pa matebulo. Za folo kilasi zimangooneka kumapeto kwa chithunzi, patali.

Ankolo a ku Limbe: Ojambula nthawi imeneyo ankajambula zimene zinkawasangalatsa iwowo. Koma anthu ochuluka mu sitimamo anali a mu folo, ndi amene ankadzaza siteshoni.

Mayi a Thoko, Area 25: Pepani ndilowerere. Mwana wanga ndi amene anandilowetsa mu gulu lino chifukwa amakonda zomangamanga, ine ndimangowerenga, koma apa ndalephera kukhala chete. Bambo anga ankatiuza za ulendo wa ku Salisbury, Harare ya lero, kuthithikana, kugona chokhala, ludzu, kutukwanidwa ndi woona matikiti. Sankanena akuseka. Nde ndikudabwa, munthu uwononge ndalama ndi nthawi kumanganso chinthu chimene chinkanyozetsa makolo athu, nkuchiika mnyumba ana azisewera nacho? Bwanji osamanga sitima yabwino imene aliyense akukhala pamene wafuna, thebulo ndi lanu, palibe angakuletseni.

Malume a ku Benoni: Mayi a Thoko ali ndi mfundo. Njanji ya pa thebulo mwini wake ndi amene amalamula, zimenezo aliyense wa masewerawa amavomereza.

Mdzukulu wa njanji, Bulawayo: Mayi ndakumvani ndi ulemu wonse ndipo ululu umenewo kwathunso tinaumva. Koma taganizani mbali iyi. Tisitima ta Rhodesia Railways anthu amamanga kale, ku Britain, ku Australia, ku South Africa, ambiri ndi amene makolo awo ankakwera kutsogolo kuja, ndipo amamanga zimene akukumbuka iwowo. Sindikuwada, ndi chikumbukiro chawo. Koma ife tikapanda kumanga bogi ya agogo athu palibe adzaimange, ndipo mwana woona thebulo limenelo adzayesa kuti sitima ya 1955 inali ya anthu ovala masuti okhaokha akumwa tiyi. Malasha amene Garratt ija inkatentha anakumba ndani? Anthu a ku Nyasaland, a ku Northern Rhodesia, a konkuno. Akhalemo mu sitimamo, aoneke nkhope pa zenera. Kwa ine kulondola kwa mbiri nkumeneko, kuposa kuwerenga ma rivet a pa thanki.

Mayi a Thoko, Area 25: Ngati ndi choncho ndiye muwamange bwino, asaoneke ngati katundu. Bambo anga pobwerera anavala jekete ndi chipewa, anabwera ndi makina osokera a amayi ndi njinga. Ankapita ozunzika koma sankabwerera chimanjamanja onse ayi. Muike ndi azimayi, ena ankatsatira amuna awo ndi ana kumbuyo.

Bambo a Chiko, Joni: Mayi zimenezo ndalemba. Sitima yopita ndi yobwerera katundu wake asiyane, pa pulatifomu ndiika njinga ndi bokosi la makina.

Achimwene a ku Leeds: Pa tianthu, ta makampani a Preiser ndi Noch ta 1:87 tambiri ndi azungu ovala za ku Ulaya, koma Preiser amagulitsanso tosapaka penti mpaketi yaikulu, totchipirapo. Mupake nokha ndi penti ya acrylic yosawala. Chitenje kapena chilundu mupange ndi tishu yopyapyala yonyowetsa mu guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi, mukulunge pa kathupiko ndi nsonga ya singano, ikauma imagwira makwinya ngati nsalu yeniyeni, kenako penti. Duku chimodzimodzi. Mwana wa kumbuyo ndi kampira ka putty kochepa kuposa njere ya mapira. Okhala pa benchi muwadule miyendo mmaondo, mkati mwa bogi sizioneka ndipo amakhala bwino pansi pa zenera. Masutikesi ndi tizidutswa ta pulasitiki 7 mm kutalika, mupake akuda kapena obiriwira, pa ngodya mukhudze ndi pensulo kuti chitsulo chioneke chopekesedwa.

Mnyamata wa ku Balaka: nanga bogi yeniyeniyo mumapanga ndi chani, kuno mashopu a zimenezi kulibe

Achimwene a ku Leeds: Amene angapeze plasticard, pulasitiki yopyapyala ngati katoni, ya 0.5 mm ndi ya 1 mm, ndi yabwino. Koma katoni yolimba yosalala imagwira ntchito, akale ankamanga ndi imeneyo nkuipaka vanishi kuti ilimbe. Mbali ya bogi imapangidwa ndi magawo atatu omatikiza, lakunja loboola mazenera, lapakati la pulasitiki yoonekera, lamkati lolimbitsa. Uboole mazenera onse kaye pepala lisanadulidwe mmbali, ukayamba kudula mbali timizati ta pakati pa mazenera timathyoka. Mpeni ukhale wakuthwa, rula yachitsulo, udutse kangapo mopepuka osakanikiza kamodzi. Mabogi akale a matabwa ambiri anali ndi khonde kumapeto ndi denga lokwera pakati lokhala ndi timazenera ta mpweya, mu 1955 otere ankayendabe pamodzi ndi atsopano achitsulo nde kusakaniza nkololedwa, bola uone pa chithunzi cha bogi imene ukumangayo. Pansi usaiwale silinda ya mabuleki a vacuum ndi thanki ya madzi. Zokolera gula za kampani ya Kadee, zimafanana ndi zenizeni za pakati zija. Kulemera, lamulo la NMRA, bungwe la omanga tisitima la ku America, mu HO limati aunsi imodzi kuonjeza theka la aunsi pa inchi iliyonse, bogi ya 23 cm imafika magalamu ngati 155, pa 12 mm utha kuchepetsako pang'ono koma onse alemere mofanana, chitsulocho chikhale pansi penipeni.

Mdzukulu wa njanji, Bulawayo: Ndipo miyezo sitichita kulota. Ku Railway Museum kuno ku Bulawayo, ku Raylton kuseri kwa siteshoni, kuli mabogi akale ndi ma injini, ngakhale bogi ya Cecil Rhodes ili komweko. Ndipita ndi tepi, ndikapempha chilolezo, ndikajambula mbali zonse molunjika ndi ndodo ya mita imodzi yotsamiritsa pa bogi kuti pa chithunzi muzitha kuwerengera. Bambo a Chiko mundiuze zimene mukufuna kwenikweni. Chinanso zikwangwani: mulembe Wankie osati Hwange, Dett osati Dete, mayinawo anasintha ufulu wa 1980 utabwera. Pa mabogi RR osati NRZ (National Railways of Zimbabwe).

Mlongo wa ku Chipata: Ku Livingstone nakonso kuli Railway Museum, zambiri kumeneko ndi za Zambezi Sawmills koma za RR ziliko popeza njanji inali imodzi mpaka 1967 pamene Zambia Railways inayamba payokha. Funso langa, mlatho wa Victoria Falls ungakwane pa thebulo? Ndimaulakalaka

Achimwene a ku Leeds: Ungakwane mlongo koma udya khoma. Ndi wa 1905, kutalika mamita 198, mu HO ndi mamita 2.3, ndipo phompho lake kuti likhale loona lifunika kuzama kupyola mita, thebulo lingachite kufika pansi. Bambo a Chiko asayambe ndi umenewo. Njira ya Wankie ili ndi mphatso ina, pakati pa Gwaai ndi Dett njanji imangoongoka makilomita opitirira 100 mnkhalango, mchenga ndi mitengo basi. Khoma la mamita 4 lija likhale chidutswa cha pamenepo, kasiteshoni kamodzi, njanji yopatukirana, thanki ya madzi yomwetsera injini. Zosavuta kumanga ndipo sitima imaoneka yonse bwinobwino.

Mnyamata wa ku Balaka: ine ndikufuna ya kwathu konkuno, ya malasha ikuchoka Limbe kupita Lilongwe

Ankolo a ku Limbe: Mwana wanga sankha chimodzi. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, Nsanje ya lero. Ku Salima inafika mu 1935, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa. Ya ku Nayuchi kudzera Liwonde ndi ya 1970. Koma ku Lilongwe inafika mu 1979, imeneyo ndi nthawi ya madizilo kale. Nde ukafuna ya malasha, ithere pa Salima, idutse pa Balaka panupo, Golomoti, Chipoka pamene anthu ankatsika kukakwera Ilala, ndipo isanafike 1964 ulembe Nyasaland Railways. Ukafuna Kanengo, ika dizilo ndipo ulembe Malawi Railways. Zonse ndi zabwino koma usaphatikize. Ukabwera ku Blantyre pita ku Museum pa Chichiri, panja pali injini yakale ya malasha, ukaione ndi maso, uyeze ndi mapazi ako, uone mmene chokolera chakhalira. Ndipo agogo a bambo a Chiko ngati anachoka kuno pa sitima ndiye anadutsa Luchenza, Chiromo, kuoloka Dona Ana, kukasintha pa Dondo kulowera Umtali (Mutare ya lero), Salisbury, Bulawayo, kenako Wankie. Ulendo wa masiku, osati maola.

Mlongo wa ku Chipata: Dona Ana nde mu HO ungatalike bwanji

Achimwene a ku Leeds: makilomita 3.7 kugawa ndi 87, mamita 42. Umenewo umangidwe zipata ziwiri kapena zitatu zokha, zotsalazo zijambulidwe pa khoma la kumbuyo

Malume a ku Benoni: Chabwino mwandigonjetsa pa 12 mm, koma mverani izi za thebulo chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Pulayiwudi ya 9 mm pa felemu ya matabwa ouma, mupake vanishi mbali zonse ndi mmphepete momwe, apo ayi dzinja likafika imapindika njanji nkukwera. Kumudzi miyendo isagunde dothi chifukwa cha chiswe. Njanji mugule za nickel silver, zachitsulo zakale zija zimachita dzimbiri. Fumbi la mu galaja ndi mdani, muzivundikira ndi nsalu ndipo muzipukuta njanji ndi kansalu konyowetsa spirit, sandpaper ayi, imakanda nde litsiro limakanirira. Magetsi ndi 12 volts DC, mnyamata wa ku Balaka batire ya sola ndi kakontrola ka liwiro ka PWM zikukwanira. Kwale wa mu njanji musefe mchenga wa kumtsinje, muthire guluu wosungunula ndi kadontho ka sopo wa mbale kuti alowerere. Komanso liwiro, anthu amathamangitsa kwambiri. Makilomita 60 pa ola mu HO ndi 19 cm pa sekondi, khoma lanu la mamita 4 sitima izitenga masekondi ngati 21 kuti ilimalize.

Ankolo a ku Limbe: Ndipo injini isawale ngati yatuluka mu shopu lero. Pamwamba pa boila mwaye, mmunsi mafuta ndi fumbi, pa thanki mizere ya madzi. Madenga a mabogi oyandikira injini amada kuposa akumbuyo.

Bambo a Chiko, Joni: Zikomo nonse. Ndasankha HO pa 12 mm, chidutswa cha pakati pa Gwaai ndi Dett, 1955. Ma Hornby ndiwagulitsa ndigule njanji ndi magudumu. Bogi yoyamba ndi ya folo kilasi. Achimwene a ku Bulawayo mukapita ku Museum ndikufuna kutalika ndi mulifupi mwa thupi, kuchuluka kwa mazenera mbali iliyonse ndi mpata wa pakati pake, kutalika kuchoka pa njanji kufika pa chokolera, komanso mkati ngati angakuloleni, mabenchi anayalidwa motani, mopingasa kapena motsata khoma. Mayi a Thoko ngati pali chithunzi cha bambo anu cha nthawi imeneyo ndipo mtima wanu walola, ndingakonde kuona jekete ndi chipewa chija kuti ndipake molondola.

Mayi a Thoko, Area 25: Chilipo kwa achemwali anga ku Dedza, ndiwauza achijambule pa foni. Ndikutumizirani ku inbox osati pagulu.

Mdzukulu wa njanji, Bulawayo: Ndipita Loweruka. Mnyamata wa ku Balaka nawenso yamba kujambula siteshoni yanuyo mbali zonse, nyumba, pulatifomu ndi mapointi, uziponya pompano tiwerengere limodzi miyezo yake.

Mnyamata wa ku Balaka: ndiyamba mawa ndikaweruka, tepi ndibwereka kwa akalipentala